Mimba Imene Sinamve Kuti Nkhondo Yatha

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo a m'makapela onse a kuno ku Maravia, kuyambira ku Malowera mpaka ku Chipera, ndi inunso a ku Fingoe amene munabwera kudzakumba golide koma Lamulungu mumakumbukabe kugwada. Ine ndine Zakariya, bambo a Tereza, amene ambiri mumandidziwa ndi dzina loti Lipenga. Dzinalo sindinachite kulipempha. Anandipatsa chifukwa ndikaitana ng'ombe zanga tsidya lino, za eni ake tsidya linalo nazonso zimabwera. Sukulu ndinangoilawa, zilembo zanga ndi zazikulu ngati mawu anga, ndiye amene awerenge izi awerenge mokweza, asamameze mawu. Nkhani imene ndabweretsa ndi ya m'mimba. Inde, ndati m'mimba. Wofuna kuseka asekeretu panopa amalize, chifukwa mimba imeneyi inatsala pang'ono kundidula miyendo, ndiponso inatsala pang'ono kumana banja langa mudzi wake.

Vutoli linayamba pothawa nkhondo. Tili pa njira ya ku Zambia tinamwa madzi a pa chithaphwi chimene anamwapo anthu ndi ziweto zomwe, ndipo tinatsekula m'mimba pafupifupi tonse. Ena tinawasiya m'manda osaya m'mbali mwa njira. Ine ndinadzuka, poti thupi langa si la masewera, koma mimba yanga siinabwererenso mwakale. Zaka zonse za ku kampu ya othawa nkhondo ku Zambia inkachita zofuna zake. Masiku ena imatseka, ndikapita kuseri n'kutuluka timiyala ngati ta mbuzi. Masiku ena imatseguka mosachenjeza, ngati munthu waboola mtsuko. Chakumadzulo imafufuma ngati ng'oma, lamba n'kumandiluma. Imapota, imapota, ndikadzithandiza ululu n'kuzizira, kenako n'kuyambanso. Ku kampu ndinkapirira chifukwa chimbudzi chinali pafupi, ndipo munthu wa mawu ngati ine, akachoka pagulu mofulumira, anthu amayesa wapita kukakonza nkhani zazikulu.

Mtendere utabwera, kamiyau, galimoto yaikulu ya katundu ija, inatitula pa Malowera. A chithandizo anatipatsa makasu, mbewu ya chimanga, ufa, mafuta ndi nyemba. Nyemba, abale, nyemba m'mawa, nyemba madzulo. Koma Malowera si kwathu. Kwathu ndi mbali ya ku Chipera, ulendo wa dzuwa lathunthu pa miyendo, kumudzi kwa akazi anga Rozalina kumene ndinakwatira. Mwini minda kumeneko anali apongozi anga, aNabanda, mayi wamfupi, wouma ngati chikuni, amene anasunga mbewu ya mapira a makolo awo m'kansalu ka m'chiuno zaka zonse za kuthawa. Chaka ndi chaka ankadzala pang'ono kuseri kwa msasa kuti mbewuyo isafe. Cholinga chathu chinali chimodzi: kufika pa bwinja, kusosa, kumanga kamsasa ndi kudzala mvula isanagwe. Wophonya mvula yoyamba waphonya chaka, ndipo ufa wa chithandizo sunali woti tidya mpaka kalekale.

Njira yopita kwathu inali ndi lamulo. Anthu odziwa za mina, mabomba okwirira aja, anali atadutsamo n'kuika miyala yopaka utoto wofiira uku ndi uku. Anatiuza kuti pakati pa miyala yendani, kunja kwa miyala kuli imfa. Mwana akafuna kukodza akodze pomwepo. Mbuzi ikathawira m'udzu isiyeni.

Tsono mverani bwino pamenepa, inu achinyamata amene masiku ano mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu. Ife tinaleredwa kuti mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sakhala nawo pa mphasa imodzi, salankhula nawo mwachindunji. Mawu amadutsira mwa mkazi wako. Mukakumana pa njira, iwe mkamwini umapatukira m'thengo mpaka iwo adutse. Ine mwambo umenewu ndinausunga kuposa mkamwini aliyense m'dziko lino, funsani. Zaka zonsezo aNabanda sanaonepo ngakhale mano anga ndikutafuna.

Tinanyamuka m'bandakucha mabanja angapo. Ine ndinali patsogolo, poti ndani wina akanatsogolera? Pambuyo panga kompadire wanga Donasiyano, amene anandiimira pa ubatizo wa Tereza, kenako akazi ndi ana, ndipo pakati pawo apongozi akukoka mbuzi yawo pa chingwe. Dzuwa litafika pamutu, tili pafupi ndi mtengo waukulu wa msolo, mimba inapota. Ndinaluma mano. Ndinaimbitsa nyimbo kuti ndiiwale. Inapotanso, ndipo ndinadziwa kuti nthawi yakambirana yatha. Ndinacheuka. Njira inali yowongoka ngati ndodo, yopanda pobisala, ndipo apongozi anali apo, maso awo ali kutsogolo. Ndikukuuzani zoona, mutu wanga sunaganize za mina. Miyendo yanga inachita zimene inaphunzira kuyambira tsiku la ukwati. Ndinalumpha miyala yofiira n'kulowa m'udzu.

Ndinamva Rozalina akukuwa dzina langa la ubatizo, chinthu chimene sanachitepo pagulu. Ndinanjuta kuseri kwa chitsamba, ndipo nditamaliza, ndikuti ndithyole tsamba, ndinaona kawaya. Kanali kadzimbiri, kopyapyala ngati ulusi wa kangaude, kochokera pa chitsa n'kulowa m'udzu. Chala changa chachikulu cha kuphazi chinali pafupi nako moti nyerere ikanatha kuwoloka. Ndinakodola Donasiyano ali pa njira n'kumulozera kawaya ka bombako. Donasiyano anachita kundilankhula ngati mwana, kuti kompadire musatembenuke, bwererani chambuyo, pondani momwe munaponda. Ndinabwerera chambuyo, buluku lili m'manja, pamaso pa mudzi wonse. Apongozi anali ataphimba nkhope ndi nsalu.

Enawo anapitirira. Ine ndinaopa kupitirira. Ndinati tibwerere ku Malowera, ndaiwala chinthu. Palibe anafunsa kuti chinthu chanji. Banja langa lokha ndilo linatembenuka, apongozi ndi mbuzi yawo ali pambuyo.

Masiku amene anatsatira sindiwafunira munthu. Ndinkalephera kukhala pansi. Ndimati ndikhale pa chitsa, ndadzuka. Ndimazungulira msasa, ndimapita pa msika wa pansi pa mitengo, ndimabwerera, ndimanola khasu lonolanola. Kumpoto mitambo inayamba kuunjikana masana, n'kumwazikana madzulo, ngati anthu opangana za mlandu wako. Kukagunda kutali, mimba yanga imayankha. Ndinaganiza kuti ndikasiya kudya, ndiye kuti palibe chotuluka, ndiyenda ulendo wonse bwinobwino. Ndinamana thupi chakudya dzuwa lonse, madzulo njala n'kundigonjetsa, n'kudya mbale yodzaza nyemba ndi piripiri, n'kutsirapo kachasu kuti mtima ukhale pansi. M'mawa mwake ndiye kunali nkhondo yeniyeni. Wamalonda wina anandipatsa makapisozi ofiira ndi akuda, akuti amachiza chilichonse, koma anangowonjezera kutsekula. Mkulu wina anandikumbira mizu yowawa, anati munadyetsedwa ku kampu. Ndinasanza mpaka kuona nyenyezi masana, mimba ili chomwecho.

Chifukwa chodzimana chakudya ndinayamba kuonda, ndipo pa chitsime panayamba manong'onong'o. Masiku amenewo munthu wotsekula m'mimba nthawi yaitali n'kumaonda, anthu ankangoti kaliwondewonde, basi, akuyamba kukuyeza kutalika ndi maso. Amuna amene ankandipatsa mpando anayamba kundipatsa moni ali chapatali. Ine ndinkakweza mawu kuposa kale kuti adziwe kuti ndilipo, koma mkatimu ndinali nditayamba kukhulupirira kuti mwina akunena zoona.

Tsiku lina Rozalina anandipeza ndikuzungulira, anati, "Bambo a Tereza, amayi akuti mvula ikatipeza pano, iwo anyamuka okha ndi mbuzi yawo, akafere pa njira ya kwawo. Ine sindingawasiye apite okha, ndipo ana sindingawasiye pano opanda munda. Mundiuze chochita." Sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala bwino, chifukwa pokalipirana palibe amandiposa. Ndinangoti ndamva, n'kuchokapo.

Ndinapita ku kapela ya pa Malowera, imene nthawi imeneyo inali makoma okhaokha, denga linapsa pa nkhondo. Linali dzuwa la masana, pansi pakutentha ngati chiwaya. Ine amene ndikamapemphera a ku mudzi wina amayankha Amen, tsiku limenelo pakamwa panatuluka mpweya wokha. Ndinati, Ambuye, munanditulutsa m'moto wa mfuti, munandidutsitsa pa kawaya kaja, ndiye mundisiye ndigonjetsedwe ndi matumbo anga omwe? Ngati ndi imfa ndiuzeni ndikonzeke. Ngati si imfa, nditumizireni munthu wondiuza kuti ichi n'chiyani. Sindinapemphe zambiri. Ngakhale pempherolo sindinalimalize bwino, chifukwa mimba inandidzutsa pa maondo.

Ndikutuluka kuseri kwa mpanda, ndinapeza Donasiyano akundifunafuna. Anali atabwera kuchokera kumudzi kudzatenga mbewu yotsala. Anati, "Kompadire, ku posto, kachipatala kaja, kwabwera enfermera, namwino watsopano. Akufuna kuitana amayi abweretse ana ku katemera, koma chimkuzamawu chawo chafa. Afunsa ngati kuno kuli munthu wa mawu. Msika wonse waloza kwa inu." Abale, onani mmene Mulungu amagwirira ntchito. Ine ku posto sindikanapita ndi miyendo yanga kukanena za kuseri. Anandikokera kumeneko ndi chinthu chimene ndimanyadira.

Posto yake inali chipinda chimodzi chofoleredwa kumene, china chikadali chopanda denga. Enfermerayo anali mayi wachitsikana wa ku Tete, dzina lake Lusiya, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe, msinkhu wosasiyana kwenikweni ndi mng'ono wake wa Rozalina. Ndinakwera pa chulu n'kuitana. Amayi anatuluka m'misasa yonse, ngakhale amene ana awo anali ndi ndevu. Koma ndili pakati pa kuitana ndinatsika chulu mothamanga, ndinabwera, ndinaitananso, ndinatsikanso. Ntchito itatha, Lusiya anandiitanira m'kati n'kutseka chitseko.

Anati, "Bambo, mawu muli nawo. Nanga mimbayi yakhala ikukuthamangitsani chonchi kuyambira liti?"

Ndinati, "Mwana wanga, ine ndabwera kudzathandiza boma. Ngati muli ndi jekeseni yamphamvu ndibayeni ndizipita. Zinazo si zokamba ndi ana."

Anaseka pang'ono, anati, "Jekeseni ndibaya ndikadziwa chimene ndikubaya. Khalani pansi. Pano palibe mwana, pali enfermera."

Ndinakhala. Mafunso amene anandifunsa, ngakhale mkazi wanga sanandifunsepo. Zinayamba liti? Ndinamuuza za chithaphwi chija. Ululu umakhala pati, ndipo ndikadzithandiza umachepa? Ndinati umachepa. Zotuluka zimakhala zotani? Ndinayang'ana kudenga n'kufotokoza za timiyala ta mbuzi ndi za mtsuko woboola, ndi zonanda ngati mamina zimene zimatuluka nthawi zina. Magazi ndinawaonapo, ofiira kapena akuda ngati phula? Ayi. Thupi limatentha? Ayi. Mimbayo imandidzutsa ndili m'tulo? Ndinaganiza, ndipo ndinadabwa ndekha, chifukwa zaka zonsezo ndikagona nayonso imagona. Kuondaku kunayamba liti? Ndinati posachedwapa, nditayamba kudzimana chakudya. Kwathu alipo anamwalira ndi chotupa cha m'matumbo? Palibe amene ndikumudziwa. Kenako anandifunsa kuti zimakula nthawi yanji, ndipo ndinapezeka ndikumuuza za mtengo wa msolo, za kawaya, za apongozi, zonse. Sanaseke.

Anandigoneka pa bedi, anakanikiza mimba mbali zonse, anayang'ana m'zikope ndi lilime ngati magazi ndi okwanira, anayang'ana m'kamwa ndi pakhungu, anandikweza pa sikelo. Anandibaya chala n'kutenga dontho. Pomaliza anati mawa m'mawa ndibweretse pang'ono za kuseri m'kabokosi ka machesi, kuti aziyang'ane pa galasi lake loonera tizilombo. Ndinati, "Ine? Ndinyamule zimenezo kudutsa pa msika?" Anati, "Munanyamula banja kudutsa nkhondo. Kabokosi sikakulemerani."

M'mawa ndinakakulunga m'tsamba n'kukaika m'thumba la malaya, ndikuyenda ngati munthu wopita ku msonkhano. Pa msika pomwe, Donasiyano ali ndi fodya wopichira pakamwa, anaona kabokosi katulukira. Anati, "Kompadire, mwalemera liti? Bwerekeni machesi." Ndinati mulibe. Anati, "Nanga mukusungiranji bokosi lopanda kanthu? Umbombo umenewu munauphunzira ku Zambia?" Anatambasula dzanja, ine n'kulimenya. Ndinati, "Mukatsegula bokosi limeneli, kompadire, fodya mudzasiya lero lomwe." Anamvetsa, anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo mpaka anamwalira sanasiye kundipempha machesi pa maliro ndi pa ukwati pomwe.

Lusiya anayang'ana pa galasi lake, limene linkadalira kuwala kwa dzuwa pa zenera. Anandipatsa mankhwala a njoka za m'mimba, anati kuno aliyense amayenera kumwa, koma si njoka zimene zikukuvutani. Kenako anakhala moyang'anana nane n'kulankhula pang'onopang'ono. Anati zimene angathe kuyeza pa posto wayeza, ndipo sanapeze kamwazi, sanapeze chotupa, magazi ndi okwanira, ndipo zizindikiro za matenda amene anthu akunong'ona pa chitsime sakuziona. Anati nthenda yanga ili ndi dzina, analitchula m'Chipwitikizi, ine sindingalilembe. M'chilankhulo chathu anati ndi matumbo osachedwa kukwiya. Kawirikawiri imayamba munthu akadwala kutsekula koopsa, ndipo mantha ndi nkhawa zimaikolezera. Matumbo ake amakhala athunthu, opanda bala, koma amadzidzimuka ndi kanthu kakang'ono, nthawi zina n'kuthamanga, nthawi zina n'kuuma gwa.

Anati, "Bambo, inu munamva kuti nkhondo yatha. Matumbo anu sanamve. Akadali pa ulendo wothawa. Sikuti mukudzipangitsa, ululuwo ndi weniweni. Koma nthendayi siipha munthu, ndipo palibe anakudyetsani."

Abale, mawu oti siipha aja analowa m'thupi mwanga ngati madzi ozizira. Ndinafunsa kuti tsono mankhwala ochotseratu ali kuti. Anandiuza zoona, sanandinamize. Anati ochotseratu palibe, koma pali njira yoweta, monga umawetera ng'ombe yaukali mpaka ikoke ngolo. Makapisozi aja ndisiye, chifukwa amapha ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo. Kudzimana chakudya ndisiye, ndizidya pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, nthawi zofanana, modekha, osameza ngati ndikuthamangitsidwa. Nyemba, anyezi, kabichi, piripiri, mafuta ambiri, tiyi wowawa ndi kachasu ndiziike pambali kwa kanthawi, ndipo mimba ikakhazikika ndizibweza chimodzichimodzi, kuti ndidziwe mdani weniweni ndi uti, ndisadane ndi zakudya zosalakwa. Ndizidya phala, therere, nkhwani, nthochi, nsomba zouma zikapezeka, ndi kumwa madzi owiritsa okwanira. Ndiziyenda m'mawa uliwonse, osati kuzungulira msasa ngati fisi wa m'khola. Mimba ikayamba kupota ndiziima, ndikoke mpweya mpaka pansi pa mchombo, nditulutse pang'onopang'ono. Anandipatsa timapiritsi ta mitundu iwiri, iye ankati makompirimidu: tina toziziritsa kupota, tina tochedwetsa matumbo, toti ndimwe pa tsiku la ulendo lokha, osati tsiku lililonse, kuopa kudzimbidwa. Ndipo anandigwira dzanja, anati ndikadzaona magazi, kutentha thupi, kuonda ndikudya bwino, kapena mimba ikadzayamba kundidzutsa m'tulo, ndisadzadikire, ndidzabwere msanga, chifukwa zimenezo ndi nkhani ina yofunika ku chipatala chachikulu.

Ndinatuluka ndikudandaula kuti jekeseni wandimana. Komanso ndinadziwa kuti pali vuto, chifukwa pa msasa ndiwo zathu zinali nyemba zokhazokha. Ndinamuuza Rozalina zonse, mokweza monga mwa chizolowezi, ndikuiwala kuti khoma la msasa ndi udzu. M'mawa mwake apongozi anasowa pakhomo ndi thumba la nyemba. Anabwera dzuwa litapendeka, atasinthanitsa nyembazo kwa anthu amene sanathawe nkhondo, atasenza therere louma, mfutso wa nkhwani ndi phava la nthochi. Anatula pakhomo pa mwana wawo.

Sindikunamizani kuti ndinachira tsiku limodzi. Masiku oyamba ndinkangoona ngati enfermera wandipusitsa ndi therere. Koma pang'onopang'ono ng'oma ija inayamba kuphwa, maulendo a kuseri anachepa, lamba anabwerera pa bowo lake. Ndinabwerera ku posto, Lusiya anandikweza pa sikelo, anati thupi labwerera, pitirizani. Koma kumwamba sikunkadikira. Mphepo inayamba kununkha dothi, nyerere zinayamba kusamutsa mazira, ndipo usiku wina kunawaza timadontho tochepa tongodetsa fumbi. Mtima wanga unali m'mwamba. Ndinkati ndikaganiza za mtengo wa msolo, mimba n'kuyankha pomwepo. Ndinamuuza Lusiya kuti bwanji tidikire ndichiriretu. Anati, "Mukadikira tsiku loti simudzaopa, mudzadzala chaka chamawa. Idyani phala m'mawa, imwani kapiritsi, nyamukani. Ikakugwirani pa njira, khalani pa njira pomwepo. Manyazi sanadulepo munthu mwendo."

Tinanyamuka banja lathu lokha, ndi Donasiyano wotiperekeza. Ndinadya phala, ndinamwa kapiritsi, ndinapemphera. M'mawa wonse mimba inali chete, ndipo ndinayamba kuimba, mbalame n'kumathawa m'mitengo. Koma titangoona nsonga ya msolo uja, inapota. Ndinaima. Ndinakoka mpweya monga anandiphunzitsira, inaleka pang'ono, tinayenda, inapotanso mwamphamvu. Ndinayang'ana miyala yofiira, ndinayang'ana udzu, ndinacheuka. Apongozi anali pomwepo pambuyo pa Rozalina. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu, phazi langa lakumanja linali litadzuka kale kulunjika ku udzu.

Pamenepo aNabanda anakoka chingwe cha mbuzi yawo, anaigwira nyanga, n'kuyamba kuilankhula mokweza, maso ali pa mbuziyo.

Anati, "Iwe mbuzi, tamvera. Ukawauze bambo a Tereza kuti ulemu wawo ndauona zaka zonsezi, wakwana, ndakhuta nawo. Ine kumudzi ndikufuna mkamwini wa miyendo iwiri woti andilimire. Wa ulemu wopanda miyendo ndikamuika pati? Uwauze abweze phazilo."

Ndinabweza phazi. Apongozi anamasula kapulana, nsalu yawo yakunja, yokhayo yabwino imene anabwera nayo ku Zambia, n'kuponyera mwana wawo. Rozalina anagwira nsonga ina, Donasiyano ina atatembenuza nkhope, n'kuitambasula pakati pa njira ngati khoma. Apongozi anatembenuka, anandipatsa msana, ndipo anayamba kuimba nyimbo ya ku kapela ndi mawu awo onse, mawu okalamba, osweka, koma okweza moti sipakanamveka china chilichonse. Ine Zakariya Lipenga ndinanjuta pakati pa miyala yofiira, kuseri kwa nsalu ya apongozi anga, misozi ikugwera m'fumbi. Nyimboyo anaibwereza mpaka Rozalina anawauza kuti amayi, kwatha. Donasiyano anati, "Kompadire, machesi muli nawo?" Ndinamuuza kuti akafunse mbuzi.

Tinafika pa bwinja dzuwa likulowa. Nyumba zinali milu ya dothi, mitengo itamera m'kati mwa khola, koma mango a apongozi anali chiimire. Tinasosa ngati amisala, tinamanga kamsasa, ndipo aNabanda anamasula kansalu ka m'chiuno. Mvula yeniyeni inatipeza tili m'munda, mapira atalowa kale m'nthaka. Ndinaima pakati pa munda n'kufuula kuthokoza Mulungu, ndipo a tsidya lina anabwera ndi nkhwangwa kuyesa kwagwa chilombo.

Apongozi anadya mapira awo zaka zingapo, ndipo anagona m'manda a makolo awo monga ankafunira. Mpaka tsiku lomaliza sitinayang'anane kumaso, mwambo sitinauphwanye, koma akafuna kundiuza kanthu ankaitana mbuzi. Mapira amene mumagula kwa Tereza lero ndi mbewu yomweyo. Lusiya anasamutsidwa, sindinamuonenso, koma dzina lake limatuluka m'pemphero langa tsiku lililonse.

Nthendayo ndikadali nayo, ndakalamba nayo. Nditabweza zakudya chimodzichimodzi ndinapeza kuti adani anga ndi nyemba zambiri, anyezi ndi kachasu. Kabichi analibe mlandu, piripiri pang'ono timagwirizana. Pakagwa maliro kapena mlandu pabanja, mimba imakumbuka nkhondo, ine n'kuiuza kuti khala pansi, zinatha. Ng'ombe yaukali ija inaphunzira kukoka ngolo.

Tsono inu amene mukumva izi muli ndi chinthu chimene mukubisa pansi pa malaya, musachite manyazi mpaka kukaponda pamene simuyenera kuponda. Pempherani, inde, ndipo mukadzuka pa maondo pitani ku posto mukanene zonse, ngakhale wokufunsaniyo akhale msinkhu wa mwana wanu. Musagule makapisozi pa msika, musaloze chala mbale wanu kuti anakudyetsani. Ndipo mukaona magazi kapena kuonda kosadziwika, musanene kuti ndi nthenda ya Lipenga, thamangani akakuyezeni. Ine ndinapempha Ambuye munthu mmodzi wondiuza dzina la vuto langa, Iwo ananditumizira awiri, wina ndi galasi loonera tizilombo, wina ndi kapulana. Limbani mtima, khalani pakati pa njira, thandizo likubwera pambuyo panu. Dzina la Ambuye litamandike, ndipo wowerenga anene Amen mokweza, kuti ndimve ndili kuno.